Mjigo wathu anaupima kamodzi kokha, nanga anzathu a ku Zambia ndi Tanzania amatani?

Ndine msungichuma wa komiti ya mjigo m'mudzi mwathu, chakufupi ndi Senga Bay kuno ku Salima. Kope la komiti limagona kwathu, m'jumbo kuti lisanyowe. Mukalitsegula mupezamo maina a mabanja amene amasonkha pamwezi, tsiku lomwe tinagula marabala a pampu, ndi ndalama zomwe tinapatsa makaniko ndodo itaduka. Tsamba lonena kuti madziwa ndi abwino kumwa mulibe. Bungwe lomwe linatikumbira mjigowu linatunga madzi m'kabotolo tsiku lotsegulira n'kupita nawo, basi. Kuchokera pamenepo palibe anabweranso ndi kabotolo.

Zimenezi zinayamba kundisowetsa tulo nthawi ya kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja sanatisiye. Dothi lathu ndi lamchenga, madzi ali pafupi pansipa. Mvula ikalimba zimbudzi zimadzaza, zina zimagwa. Alangizi a zaumoyo amatiuza kuti chimbudzi chitalikire chitsime ndi mamita 30, koma mudzi ukukula, ndipo nyumba zatsopano zafika pafupi ndi mjigo kusiyana ndi kale. Madzi amatuluka oyera mbee. Komatu tizilombo ta m'chimbudzi sitioneka ndi maso.

Chaka chatha ndinapita ku Chipata, ku Zambia, kukaona mchemwali wanga amene anakwatiwa kumeneko. Tili pamzere pa kiyosiki ya madzi, ndinawafunsa alamu anga kuti, "Alamu, madzi akabwera akuda kuno mumakadandaula kwa ndani?" Anandiyankha mosazengereza kuti amayamba ku kampani ya madzi, ndipo zikakanika pamwamba pake pali a NWASCO. Bungwe limeneli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997, n'kuyamba ntchito mu 2000. Silitunga kapena kugulitsa madzi. Ntchito yake n'kupereka ziphaso kwa makampani a madzi, kuvomereza mitengo, ndi kuwalondalonda ngati akupima madzi monga mwa lamulo. Chaka chilichonse limatulutsa lipoti loika makampaniwo pamndandanda, wachita bwino pamwamba, wolephera pansi, aliyense n'kumaona. Linayambitsanso magulu a anthu wamba odzipereka, otchedwa Water Watch Groups, oti azimva madandaulo a anthu m'makomboni n'kuwapititsa koyenera. Ndinasirira kuti munthu wamba akudziwa khomo loti agogode.

Pa mijigo, Zambia mu 2018 inalamula kuti mijigo ilembetsedwe ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi a m'dzikomo, ndiponso kuti okumba akhale ndi chiphaso. Apa sitinasiyane nawo kwambiri. Nafenso tili ndi lamulo la madzi la 2013 lomwe linabala National Water Resources Authority, yoyang'anira zilolezo zokumba ndi kutunga madzi. A Malawi Bureau of Standards ali ndi muyezo wa madzi akumwa, MS 214, ndi wina wa mijigo ndi zitsime, MS 733. Malamulo alipo, olembedwa bwino. Funso langa ndi lakuti, ndani amanyamula muyezo umenewu kuchoka nawo mu ofesi kudzafika pa mjigo wa kwa ife?

Amene ali pa mipopi ya Central Region Water Board ku Salima boma kapena ku Nkhotakota boma aliko bwino, chifukwa madzi awo amathiridwa klorini ndipo pali anthu olembedwa ntchito yowasamalira. Ife akumudzi chilichonse anachisiya m'manja mwa komiti: anthu odzipereka, osalandira kanthu, ophunzitsidwa masiku ochepa kumasula pampu ndi kusesa pamalo. Kupima madzi sanatiphunzitse, ndipo zipangizo zake tilibe.

Apa m'pamene a ku Tanzania anatiposa maganizo. Mu 2019 anakhazikitsa RUWASA, bungwe la boma loona za madzi akumudzi okhaokha. Magulu a m'midzi oyendetsa madzi amalembetsedwa mwalamulo ndipo amayankha ku bungweli. Anavomereza chinthu chimene ife tikuchizembabe, chakuti mudzi ungathe kutolera ndalama ndi kusamala pampu, koma pafunika wina wa luso pamwamba pake woti aziufunsa ndi kuuthandiza. Kutsidya kwa nyanjaku, ku Mozambique, anatenga njira ina: m'matauni ang'onoang'ono bungwe la boma la AIAS linayamba kupereka ntchito yoyendetsa madzi kwa anthu abizinesi pa mgwirizano. Imeneyo sindikuona kuti ingatheke pa mjigo umodzi wa mabanja osauka ngati wathu.

Sikuti anzathuwa anathana nalo vutoli. Kumayambiriro kwa 2024 kolera anavuta ku Lusaka mpaka bwalo la masewero la Heroes linasanduka chipatala, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Mchemwali wanga yemweyo amathirabe mankhwala a klorini otchedwa Clorin m'chigubu, monga momwe ine ndimathirira WaterGuard n'kudikira mphindi 30. Ndipo madzi abwino amaipiranso m'njira, m'ndowa yosavindikira, kapena mwana akamiza kapu ndi dzanja lomwe mumtsuko. Zimenezo ndi zathu, sitingaloze nazo chala boma.

Koma kupima si kwathu. A bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, WHO, amati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilombo ka m'chimbudzi kotchedwa E. coli ngakhale kamodzi. Amayi otunga m'mawa sangadziwe zimenezo polawa. Chomwe ndikupempha n'chochepa: a khonsolo, kudzera mwa alangizi a zaumoyo omwe amatiyendera kale, azitunga madzi pa mjigo uliwonse kawiri pachaka, mvula ikangoyamba ndi pakati pa dzinja, ndipo zotsatira zizimatidwa pamjigo pomwepo m'Chichewa. Zikaipa, tidzatseka ndi loko, tidzathira mankhwala, tidzasuntha chimbudzi.

Pa msonkhano wa mwezi watha ndinawafotokozera a mfumu ndi anzanga a m'komiti. Tagwirizana kuti pa ndalama za pamwezi tizipatulako pang'ono za ulendo wopita ndi kabotolo kathu ku boma. Mayi wina wachikulire anafunsa kuti, "Nanga mukafika kumeneko mukampatsa ndani?" Lolemba ndikupita ku ofesi ya za madzi kukafunsa.