Nyimbo ya kuphiri ikalowa m'kalasi

Masiku ano ndakhala ndikumvetsera Hua'er, nyimbo zimene amaimba anthu a ku Gansu, Qinghai ndi Ningxia m'dziko la China, ndipo pali kanthu kakundivuta mumtima.

Zambiri mwa nyimbozi ndi zachikondi. Mwamwambo munthu sankaziimba pakhomo akuluakulu ali pomwepo, chinali chipongwe. Ankaziimba kumunda, kubusa, kapena pachikondwerero cha paphiri la Lianhua, wina akaponya mawu mnzake n'kubweza pompo, osakonzekera. Lero nyimbo zamakolo ngati zimenezi zili m'makalasi a yunivesite, zolembedwa papepala, mpaka mayeso. Bungwe la UNESCO linazindikira Hua'er ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2009, chaka chimodzi ndi nyimbo za mtundu wa Dong wa ku Guizhou.

Sindikukana kuti ziphunzitsidwe, ayi. Achinyamata akumidzi anakhamukira kumafakitale a ku Guangdong, ndipo agogo odziwa nyimbo akutha mmodzimmodzi. Pakapanda wojambula ndi wosunga, apita nazo kumanda.

Changa ndi pakhosi pa woimba. Masukulu ngati China Conservatory of Music ya ku Beijing, imene inatsegulidwa mu 1964, anakulitsa kaimbidwe kosakaniza zamakolo ndi luso la opera ya ku Ulaya. Kumakoma ndithu, sindinama. Kungoti mwana wa ku Gansu ndi wa ku Shaanxi pomaliza maphunziro amamveka ngati a bere limodzi. Mawu okuwa aja, ofuulira munthu ali kutsidya kwa chigwa, aphunzitsi amawasalaza ngati cholakwika. N'chifukwa chake sindinadabwe kumva kuti mu 2006 mpikisano wa oimba achinyamata pa CCTV, wailesi ya kanema ya boma la China, unatsegula gawo lapadera la oimba mwachikumudzi. Eni ake anali ataona kuti china chikusowa.

Taonani a Dong. Amaimba mawu angapo nthawi imodzi, popanda choimbira, popanda woimbitsa kutsogolo. Chilankhulo chawo chinalibe zilembo mpaka m'ma 1950, ndiye mbiri ya mudzi, ulemu ndi kafunsiridwe ka mbeta, zonse mwana ankazitola m'nyimbo, atakhala pansi pa nsanja ya ng'oma pakati pa mudzi. Zimenezo mungazilowetse bwanji m'phunziro la ola limodzi Lachiwiri m'mawa?

Ndikanakhala ine, agogo oimba a m'mudzi wa a Dong wa Xiaohuang ndikanawalemba uphunzitsi, malipiro ofanana ndi a pulofesa, kaya alibe setifiketi. Ndipo wophunzira asagwire digiri asanakhaleko kumudziko nyengo yonse yokolola mpunga, kuimba m'chilankhulo cha eni ake mpaka amayi a kumeneko atasiya kumuseka.