Lenti imatipeza tili kale pa njala

Lachitatu la Phulusa limagwa pakati pa 4 Febuluwale ndi 10 Malichi, malinga ndi chaka. Kwathu kuno imeneyo ndi nthawi imene nkhokwe zambiri zili mbee, chimanga chikungomasula kumene m'munda, ndipo mtengo wa ndowa pamsika wakwera mosayang'ana nkhope. Ndiye bambo mfumu akaimirira paguwa n'kulengeza kuti yafika nyengo yosala, ambiri mwa amene akhala pamabenchiwo anayamba kusala chaka chitangotembenuka, popanda wowalalikira.

Zimenezi n'zimene zimandipangitsa kunena kuti Lenti ya ku Malawi sitingamaisunge ngati sitikudziwa mwezi umene tili.

Taonani lamulo la Mpingo wa Katolika mmene lilili. Masiku osala mokakamizidwa ndi awiri okha, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, ndipo lamuloli limakhudza a zaka 18 mpaka 59. Pa masiku amenewa munthu amaloledwa kudya kamodzi mokhuta, n'kuonjezerapo tizakudya tina tiwiri tochepa. Kaliwerengeni lamulo limeneli kwa mayi wa kumudzi mu Febuluwale, muone ngati sakusekani. Kudya kamodzi mokhuta, kenaka kulawanso kawiri? Kwa iye limenelo ndi tsiku lamwayi. Lamulo lina likuti kuyambira zaka 14 tisamadye nyama Lachisanu lililonse la Lenti. Chabwino. Koma pakhomo pamene nyama imaoneka pa Khrisimasi ndi paukwati basi, palibe chimene asiya. Ndipo ife a m'tauni tinapeza kale njira yathu: Lachisanu timasiya nyama ya ng'ombe n'kukagula chambo chachikulu, chodula kuposa nyama imene tasiyayo, tikatero tati talapa. Amene akudya bonya sabata yonse akamationa ndikhulupirira amangopukusa mutu.

Sindikunyoza lamulo ayi. Thupi limafunika kuuzidwa kuti "lero iyayi", ndipo munthu amene sanadzikanizepo kanthu savuta kumugula. Koma funso langa kwa Akhristu anzanga amene tili ndi kamalipiro pakutha pa mwezi ndi ili: ndalama ya nkhomaliro imene simunadye ija yapita kuti? Ngati yabwerera m'thumba mwanu momwemo, kapena yagula bandulo, ndiye kuti mwangochepetsa thupi basi, ndipo zimenezo dokotala akhoza kukulamulani popanda phulusa.

Mneneri Yesaya, pa mutu 58, anakumana ndi anthu ofanana nafe. Ankadandaula kuti akusala koma Mulungu sakuwaona. Yankho lake linali lowawa: pa tsiku lomwelo losala mumapondereza antchito anu. Kusala kumene Mulungu akufuna, akutero mneneriyo, ndi kumasula omangidwa mopanda chilungamo, kugawana chakudya ndi anjala, kulandira m'nyumba osowa pogona, kuveka ausiwa. Mawu amenewa m'tchalitchi la Katolika amawerengedwa Lachisanu loyamba phulusa litangopakidwa. Timawamva chaka ndi chaka, n'kuyankha bwinobwino kuti tiyamike Mulungu.

Tsono tiyeni tiwatsitse pansi mawuwo, afike pamunda. Miyezi ino ndi ya ganyu. Mayi wasiya munda wake uli thengo, mwana kumsana, wapita kukabandira m'munda mwa mnzake amene zake zikuyenda. Agwirizana kuti akamaliza mizere yakutiyakuti alandira mbale ya ufa. Dzuwa lafika paliwombo, manja atuluka matuza, wamaliza. Mwini munda akubwera n'kuyamba kuyenda mzere ndi mzere, kutokosa ndi phazi, "apa simunakwezetse bwino, apa mwasiya udzu." Mapeto ake mbale ija aisefula ndi dzanja, kapena m'malo mwa ufa atulutsa madeya, kapenanso akuti "mubwere mawa, mayi a kunyumba atenga kiyi." Mayi uja abwerera chimanjamanja, ana akumudikira ndi madzi ali pamoto. Mwini munda yemweyo madzulo ali kutsogolo pa Njira ya Mtanda, akugwada pa malo onse 14, mawu ake ndi amene akumveka kwambiri poimba.

M'tauni ndi chimodzimodzi, kungoti timavala bwino. Mtsikana wantchito auzidwa kuti "mwezi uno upirire kaye, zinthu sizili bwino," pamene abwana alipira kale malo ogona ku Mangochi kapena ku Salima kuti akapumeko pa holide ya Pasaka. Mlonda amene amagona panja ndi udzudzu malipiro ake amabwera pa 10 mwezi winawo, akachita kukumbutsa katatu, chipewa chili m'manja. Chikhalirecho Levitiko 19:13 ananena poyera kuti malipiro a waganyu asagone m'nyumba mwako kufikira m'mawa, ndipo Yakobo 5:4 akuti malipiro amene mwawamana okolola m'minda mwanu akufuula. Za katapila ndiye musachite kufunsa. Ndowa imodzi ya mu Febuluwale kubweza ziwiri kapena zitatu pokolola, ndipo wobwereketsayo nthawi zambiri si munthu wachilendo. Timakhala naye limana limodzi, mwina ndiye msungichuma.

Ndikudziwa chimene ena ayankhe pansipa. Ati Lenti ndi nkhani ya mtima, ya munthu ndi Mulungu wake, ndipo mpingo si bungwe logawa chimanga. Mbali ina akunena zoona. Pali anthu amene amagawa zambiri koma mtima uli gwa, ndipo pali agogo amene alibe n'kambale komwe koti agawe koma pemphero lawo ndi limene lagwira mudzi. Wosauka naye ali nazo zosala zake: chidani cha malire a munda, miseche ya pachitsime, kachasu amene akumaliza kandalama ka ganyu kaja. Ndipo wodwala, woyembekezera, woyamwitsa ndi amene ali pa mankhwala, chonde idyani, musadzipweteke poopa maso a anthu. Koma Uthenga Wabwino wa pa Lachitatu la Phulusa, wochokera pa Mateyu 6, umatchula zinthu zitatu pamodzi, zachifundo, pemphero ndi kusala, ndipo zachifundo ndiye zili poyamba. Amene analekanitsa zitatuzi ndife, n'kusankhapo chimene sichitidyera ndalama.

Mutu womwewo ukunenanso kuti dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita, ndipo posala tisambe kumaso kuti anthu asatizindikire. Ndiye zithunzi za phulusa pachipumi zimene zimadzaza pa WhatsApp tsikulo, ndi zina zija zogwirizira paketi ya shuga limodzi ndi agogo amene sanafunsidwe n'komwe ngati akufuna kujambulidwa, kaya tizitani nazo. Ndangodutsapo.

Dziko lino linaonapo Lenti yokhala ndi mano. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona. Ambiri timaikumbukira chifukwa cha ndale, kuti inatsegula njira yopita ku referendamu ya pa 14 Juni 1993. Koma kalatayo inayankhulanso za zinthu za m'mbale: kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro osakwanira a antchito, mitengo yotsika imene alimi ankapatsidwa pa mbewu zawo, kusowa kwa zipangizo m'zipatala ndi m'masukulu. Boma linaitcha youkira, kukhala nayo kunasanduka mlandu, maepiskopi anaitanidwa kupolisi, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Anthu amenewo sanaone kuti malipiro a wantchito ndi nkhani yakunja kwa Lenti. Ife lero, amene palibe angatimange chifukwa cholipira mlonda pa nthawi yake, tikudikira chiyani?

Ndipo tikafuna timatha. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, Lenti ili mkati, matope atakokolola nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu oposa 1,000 n'kutisiya, palibe amene anafunsa kuti mnzakeyo amapemphera kuti. Amayi a Mvano, a m'miphakati, achinyamata a mipingo ya Pentekoste, abale athu Asilamu, onse ananyamula zofunda, ufa ndi ndowa kupita m'misasa. Vuto lathu ndi lakuti njala ya Febuluwale ilibe phokoso, sibwera ndi matope, ndiye timaiona ngati nyengo chabe.

Pasaka amagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndipo apa kalendala ya mpingo ndi ya munda zimagwirizana mokoma. Pofika usiku uja woyatsa moto panja pa tchalitchi, kandulo ya Pasaka ikulowa, Aleluya amene tinamusiya masabata asanu ndi limodzi akubwerera ndi ng'oma ndi nthungululu, kunyumba mondokwa wayamba kuwotchedwa, maungu ali mumphika, mtedza wauwisi ukuphikidwa. Ana amene anali nyontcho ayambanso kuthamanga. Chimene ndimachikonda pa nkhani za kuuka kwa Ambuye ndi chakuti nazonso zadzaza chakudya. Ku Emau anamuzindikira ponyema mkate. Pa Luka 24 atawaonekera ophunzira ali kakasi, anawafunsa ngati ali ndi kanthu kakudya, n'kudya nsomba yowotcha pamaso pawo. Pa Yohane 21 anawapeza m'mbali mwa nyanja atachezera usiku wonse osapha kanthu, ndipo asanamufunse Petro za chikondi, anali atakoleza kale makala, nsomba ili pamoto. Anayamba wawadyetsa kaye, mafunso pambuyo.

Koma Aleluya asanazirale, masikelo amakhala atapachikidwa kale m'mitengo ya m'mbali mwa msewu. Mlimi ali ndi ngongole ya ndowa zija, fizi ya teremu yachitatu ikufunika, feteleza anatenga pangongole. Agulitsa chimanga chisanaume bwino, pamtengo umene wogula wanena, pasikelo imene wogula yekha akuidziwa mmene anaikonzera. Chimanga chomwecho chikagona m'nyumba yosungira katundu kudikira Febuluwale, kuti mlimi yemweyo adzachigule ndi ganyu. Amosi 8:5 akunena za amalonda amene ankangoti Sabata litha liti kuti tigulitse tirigu, tichepetse muyeso, tinyenge ndi sikelo. Malonda si tchimo, ndipo wosunga chimanga naye amalipira mankhwala ndi matumba. Koma sikelo yobera ndi kuba, ngakhale mwini wake atapereka chakhumi chonse.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a mipingo, amakomiti a tchalitchi, a Chigwirizano, a Umanyano ndi a m'malimana. Timatha kusonkha za matailosi, za galimoto ya abusa, za yunifolomu ya kwaya. Masika ano, pa zopereka za masika zomwe zimabwera kale m'matumba, patulani matumba ena osagulitsa. Athireni mankhwala, asungidwe pamalo pouma, makiyi akhale ndi anthu atatu osiyana, kaundula aziwerengedwa poyera Lamulungu. Ikadzafika Lenti ya chaka chamawa mudzawatsegule, ena kugulitsa pamtengo umene munagulira, ena kupereka ulere kwa amasiye ndi okalamba amene mayina awo mukuwadziwa kale. Amene mpingo wanu unayeserapo zimenezi, tiuzeni pansipa mmene munathanirana ndi anankafumbwe ndi nkhani ya makiyi.