Musandigulitse pulasitiki m'dzina la chilengedwe

Mwezi watha ndinagula malaya kwa mtsikana wina amene amagulitsa zovala pa Instagram. Dzina sinditchula, ndipo musavutike kundifunsa mseri, chifukwa sindikufuna kumugwetsera bizinesi mwana wa eni. Pa tsamba lake analembapo mawu achingerezi aja afala masiku ano, akuti eco-friendly, kutanthauza zovala zosawononga chilengedwe. Zithunzi zake zinali zogwira mtima: iye ataima m'munda wa nthochi, malaya a chitenje atasitidwa bwinobwino, dzuwa likulowa kumbuyo kwake. Mtengo unali wowawa ndithu, koma ndinati tiyeni tikweze zathu. Ndinatumiza ndalama pafoni, madzulo ake wakabaza n'kundipeza pageti. Malaya osamala chilengedwe aja anabwera atakulungidwa mu jumbo yopyapyala, mtundu womwe uja boma linaletsa mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kudzatsindika chiletsocho mu 2019. Ndinangoseka, ndinati mwina majumbo ena anamuthera.

Nditachapa koyamba, madzi a m'beseni anafiira ngati ndaphera nkhuku momwemo. Nditavala kachitatu, msoko wa kukhwapa unamasuka ndili mu minibasi, nditakweza mkono kuti ndipereke ndalama kwa kondakitala. Ndinafika ku ntchito nditapana mkono ngati ndabisa kanthu.

Loweruka ndinapita nawo kwa telala wanga. Ndi bambo wachikulire, amakhala pakhonde la golosale ina kwathu kuno, makina ake ndi opalasa ndi phazi, akuda aja, utoto unatha kalekale pomwe amagwirapo. Anawalandira malaya aja, kuwatembenuza, kuwafinya m'manja, osayankhula. Kenaka anasolola kaulusi kamodzi m'mphepete, n'kupempha machesi kwa mayi wogulitsa mandasi pambali pake. Atayatsa, kaulusi kaja sikanayake ngati nsalu. Kanakhwinyata, kusungunuka, n'kusiya kampira kakuda kolimba, fungo lake ngati la jumbo ikagwera pa mbaula.

"Mayi, apa thonje palibe," anatero. "Thonje likapsa limanunkha ngati pepala, limasiya phulusa loti mukhoza kulifikisa ndi zala. Iyi ndi pulasitiki yolembedwa maluwa."

Anandionetsanso mkati. Msoko unali wotalikirana, woti mukhoza kuwerenga ulusi uli chapatali, ndipo sanasiye nsalu yapadera m'mbali ngakhale pang'ono. "Mukanenepa pang'ono, awa atha ntchito. Ndikulitsa ndi chiyani? Osoka ake ankathamangira kuti amalize."

Nsalu imeneyo dzina lake ndi polyester. Imachokera ku mafuta a pansi pa nthaka, komwe kumachokera petulo, ndipo ndi pachibale ndi mabotolo a madzi akumwa aja timataya m'misewu. Siola msanga. Mukaitaya kudzala lero, mwana wanu adzaifukula ali ndi ndevu. Mukamachapa imathothoka tiulusi tosaoneka ndi maso, timene timatsata madzi kupita m'ngalande, m'mitsinje, mpaka kunyanja komwe timadyako usipa. Amene anayang'anapo mu Mudi ku Blantyre kapena mu Lingadzi kuno ku Lilongwe mvula itangokata akudziwa zomwe zimakoledwa m'mabango: majumbo, matewera, ndi nsanza zomwe sizikutha.

Tsono musandimve molakwa. Achinyamata amene ayamba mabizinesi a zovalawa ine ndimawapatsa ulemu. Ntchito kulibe, ena ali ndi madigiri m'matumba, ndipo m'malo mokhala pansi kudikira kalata yomwe sidzabwera, anagula makina, anaphunzira kudula, akulemba anzawo ntchito. Akuchita zimenezi pa nthawi yoti Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipi, ulusi, mabatani, zonse n'kukwera tsiku limodzi. Vuto langa ndi mawu amene akumata pa katundu wawo. Ambiri akuganiza kuti chovala chikangosokedwa ndi chitenje, kapena chikasokedwa pa Malawi pano, ndiye kuti chasamala chilengedwe basi. Ayi ndithu.

Tadzifunsani, chitenje chimene chili pamsikacho chachokera kuti? Thonje timalima, inde. Ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Balaka, ku Salima, alimi amapsa nalo ndi dzuwa chaka ndi chaka. Koma lambiri likangochotsedwa njere limatuluka m'dziko, ife n'kumagula nsalu zochokera ku China, ku India ndi ku Tanzania. Makolo athu amakumbukira nthawi yomwe nsalu ya David Whitehead ya ku Blantyre inkaveka dziko lonse, kuyambira yunifolomu ya sukulu mpaka chilundu cha agogo. Fakitale ija inagulitsidwa mu 2003, lero ili m'manja mwa kampani ya Mapeto, ndipo msika unadzaza kale ndi za kunja. Ngakhale dzina loti java lomwe timatchulira zitenje zapamwambali likutiuza kanthu: luso lolemba nsalu ndi phula linachokera pa chilumba cha Java ku Indonesia, Adatchi n'kulikopera m'mafakitale awo, ndipo kampani ya Vlisco mpaka lero ikupanga nsaluzi ku Helmond, m'dziko la Netherlands. Chitenje tinachilandira, tinachipanga kukhala chathu, palibe angatilande. Koma maluwa ake paokha sanena chilichonse za nthaka kapena madzi.

Thonje nalonso si mngelo. Ndi mbewu yomwa mankhwala kwambiri, funsani mlimi aliyense wa ku Chigwa cha Shire kuti amapopera kangati asanatole. Limamwanso madzi: akatswiri amati tisheti imodzi ya thonje imadya malita pafupifupi 2,700 kuchokera kumunda mpaka kusitolo. Nyanja ya Aral, pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan, inaphwa mpaka zombo kutsala pamchenga chifukwa mitsinje yake anaipatutsira m'minda ya thonje. Ndiye ngati chovala chilichonse chatsopano chili ndi ngongole ku nthaka, chimene chimasiyanitsa ndi chakuti chikhala zaka zingati pathupi pa munthu chisanapite kudzala.

Apa ndi pomwe ndimakumbukira agogo anga aakazi, omwe sanamvepo mawu achingerezi aja mpaka kumwalira. Chitenje chawo chatsopano chinkayamba ndi kutchalitchi ndi kumaukwati, chikabwerako n'kupindidwa, kulowa m'sutikesi pansi pa bedi. Chikayamba kufwifwa chinkatsika udindo, n'kukhala cha kuchigayo ndi kumaliro a m'mudzi. Kenaka chinkabereka ana, ine ndemwe ndinakulira kumsana m'chitenje chobiriwira chomwe chinaberekanso achimwene anga awiri. Chikang'ambika pakati, mbali yolimba inkasanduka mpango, ina nkhata yosenzera ndowa. Tizidutswa tinkapita pa zigamba za makabudula athu, ndipo tinkachita manyazi nazo kusukulu, poti zigamba zamaluwa pa kabudula wa khaki zimaonekera patali. Chotsala chenicheni chinkamanga pakamwa pa thumba la chimanga, kapena kuphulira mphika pamoto. Pofika potayidwa, panalibenso choti mungaloze kuti ichi chinali chitenje. Nsalu imodzi, zaka khumi kapena kuposa. Umphawi unalipo, sindikuukometsa. Koma nsalu ija inkatheka kutero chifukwa inali nsalu. Yomwe ndinagula ine singakhale n'komwe chophulira mphika, ingakusungunukireni m'manja.

Wina anena kuti nanga si kaunjika ndiye yankho, poti ndi zovala zomwe zinapangidwa kale? Mbali ina n'zoona, ndipo ine theka la zovala zanga ndinazitola ku msika wa Tsoka kuno ku Lilongwe, nditawerama ngati wina aliyense. Kaunjika waveka anthu omwe sakanakwanitsa za m'sitolo, waphunzitsa ana a anthu ambirimbiri. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika anachita kuyenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo mtengo wa belo utakwera mosaneneka, ndipo amene anaona khamu lija anadziwa kuti iyi si bizinesi yamasewera. Koma amene amatsegula mabelo akuuzani kuti za pansi pa belo masiku ano zambiri ndi zinyalala: zopyapyala, zothimbirira, zina zong'ambika kale. Ku Ghana, pa msika wa Kantamanto mu mzinda wa Accra, kumafika zovala pafupifupi 15 miliyoni pa sabata, ndipo pafupifupi 40 mwa 100 zilizonse zimathera kudzala ndi m'mphepete mwa nyanja. Anthu a kumeneko amazitcha obroni wawu, zovala za mzungu wakufa, poti sankakhulupirira kuti munthu wamoyo angataye zovala zochuluka chonchi. Rwanda itakweza msonkho wa kaunjika mu 2016, kuchoka pa masenti 20 kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu, America inailanga mu 2018 poichotsera mwayi wogulitsa zovala kumeneko mopanda msonkho pansi pa AGOA, lamulo la America lokhudza malonda ndi maiko a mu Africa. Mukaona mwini zinyalala akukwiya kuti mwatseka dzala, dziwani kuti dzalalo limamupindulira.

Ine sindili m'gulu lofuna kuti kaunjika aletsedwe mawa, tingayende maliseche. Koma amene ndimawavulira chipewa ndi achinyamata omwe amapita kukagula za pansi pa belo zomwe aliyense wazikana, majinzi ong'ambika m'mawondo, malaya akuluakulu oti mungalowemo awiri, n'kukazimasula, kudula, kusoka masiketi, zikwama, zipewa. Ena amatolera tizidutswa pansi pa makina a matelala n'kulumikiza zofunda. Amenewo ngakhale asalembe mawu achingerezi pa tsamba lawo, ntchito ikuwayankhulira.

Kwa inu achemwali ndi achimwene ogulitsa, pempho langa si lalikulu. Tiuzeni kuti nsaluyo ndi yanji ndipo mwaigula kuti. Ngati ndi polyester nenani, ena tigulabe tikudziwa, koma osatilipiritsa mtengo wa chilungamo pa chinthu chabodza. Siyani nsalu m'mbali mwa msoko, matupi athuwa amasintha, lero wabereka, mawa wadwala. Uzani kasitomala kuti zipi ikafa abwere nayo mudzamuikire ina. Ndipo amene akukusokerani kuseriko muzimulipira bwino. Pa 24 Epulo 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh inagwera osoka zovala, anthu 1,134 n'kufa, akusokera makampani akuluakulu omwe zotsatsa zawo zinali zokongola kuposa zanu. Zathu n'zazing'ono, komabe ngati mtsikana wokusokerani amachoka usiku opanda ya minibasi, musandiuze za mitengo ndi mitsinje.

Ifenso ogula tisadziyeretse. Ndife tomwe timanenerera telala mpaka kumusiya opanda phindu, kenaka n'kumadandaula kuti wasoka mothamanga. Ndife tomwe tinayambitsa zoti chinkhoswe nsalu yake, ukwati nsalu yake, phwando lotsanzikana ndi mkwatibwi nsalu yake, zonse za banja limodzi mwezi umodzi. Tsegulani sutikesi yanu muwerenge madiresi omwe munavala kamodzi kokha chifukwa komiti inalamula mtundu. Ine ndinawerenga anga, ndinapeza asanu ndi awiri, ndipo awiri mwa maukwatiwo anatha kale.

Telala uja anandisokera kukhwapa, n'kubwereza msoko wonse kawiri, ndalama yake yosakwana n'komwe ya sopo. Madzulo ndinamulembera mtsikana uja, mwaulemu, n'kumutumizira chithunzi cha kampira kakuda kaja kali pachikhatho. Ndinkayembekezera kuti andibuloka. Anayankha patapita ola: "Aunt pepani, ine kusitolo anandiuza kuti ndi cotton, sindinkadziwa kuti amayesa choncho." Anafunsanso ngati bambo aja angalole kumuonetsa kasokedwe ka msoko wolimba, ndipo ndinamulondolera pakhonde paja.

Ndaitanitsanso malaya ena kwa iye, akuti afika Lachisanu. Ndamuuza kuti wakabaza asabwere ndi jumbo, ndimupatsa kachikwama kanga. Machesi ndagula kale, ali pawindo.