Kodi zonse n'zakumtundu? Maganizo anga pa DNA ndi kaleredwe ka ana athu

Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, tinaima pakhonde kudikira kuti mvula ikate, ndipo macheza anafika pa mnyamata wina wa mumpingo mwathu amene walephera giredi 9 kachiwiri. Bambo ena achikulire, amene ndimawalemekeza kwambiri, anaigamula nkhaniyo m'mawu ochepa: "Musavutike naye, n'zakumtundu. Bambo akenso sukulu inawakana." Mayi ena anathirira ndemanga kuti make mbuu, mwana mbuu. Sindinayankhe, chifukwa si ulemu kutsutsa wamkulu pagulu, koma mawuwo andikhala pamtima sabata yonseyi. Mnyamatayo ndimamudziwa. Amagona chipinda chimodzi ndi anthu asanu, wasintha sukulu katatu, ndipo anabwera kuno kuchokera ku Mangochi ali ndi zaka 11, n'kulowa m'kalasi momwe anzake onse ankacheza m'Chizulu ndi m'Chisutu.

Funso lakuti munthu amaumbidwa ndi chibadwa kapena ndi kaleredwe makolo athu analifunsa kalekale, ndipo anayankha mbali zonse ziwiri, pakuti omwe anati make mbuu, mwana mbuu ndi omwenso anati m'mera mpoyamba. Asayansi nawonso alimbana nalo kuyambira m'masiku a Francis Galton, amene mu 1874 anatchukitsa mkanganowu ku England. Kwa zaka zambiri njira yawo yaikulu inali kuyerekeza mapasa, ndipo mu 2015 akatswiri ena atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa mapasa wa zaka 50, anapeza kuti tikaphatikiza mbali zosiyanasiyana za thupi ndi khalidwe, pafupifupi theka la kusiyana kwa anthu limagwirizana ndi zobadwa nazo. Lero zinthu zafika pena. Malovu ochepa kapena kadontho ka magazi n'kokwanira kuti awerenge DNA ya munthu, uthenga wa chibadwa umene uli m'thupi mwake, ndipo ofufuza amene amatsatira anthu omwewo kuyambira kubadwa mpaka kukula ayamba kuika majini pambali pa mafunso a sukulu, ndalama za pakhomo ndi chakudya. Ndikamati majini ndikunena tizigawo ta DNA timene mwana amalandira kwa mayi ndi bambo ake, osati majini a mizimu amene timawadziwa kwathu, ndipo kufanana kwa mawu kumeneku pakokha kukusonyeza ntchito imene ofufuza ali nayo asanapemphe magazi a munthu wa kwathu.

Maganizo anga ndi akuti kafukufuku wotereyu apitirire, ndipo ana a mu Africa alowemo ambiri, koma DNA igwiritsidwe ntchito pothandiza kuyeza bwino mphamvu ya malo amene mwana wakulira, osati popereka chigamulo pa mwana aliyense payekha.

Ambiri a ife timadutsa pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto osadziwa kuti kafukufuku wina wofunika kwambiri wa mtundu umenewu mu Africa ali pomwepo. Mu 1990, patangopita milungu yochepa Nelson Mandela atatuluka m'ndende, ofufuza a pa yunivesite ya Wits ndi anzawo analemba ana 3,273 obadwa ku Soweto ndi ku Johannesburg pakati pa April ndi June, n'cholinga chowatsatira kwa zaka 10. Zaka 10 zinakhala 20, ndipo kenako kafukufukuyo anatchedwa Birth to Twenty Plus; lero ana aja ndi akuluakulu, ndipo ana awonso akuyezedwa. Ofufuzawa anayeza msinkhu ndi kulemera kwa anawo, anafunsa za sukulu, za kunyumba ndi za chiwawa, ndipo pambuyo pake anatenganso DNA, imene inathandiza pofufuza majini okhudzana ndi kunenepa. Chimodzi mwa zimene anapeza, chomwe anafalitsa mu 2018, n'chakuti ana 99 mwa 100 alionse anachitiridwa nkhanza kapena anaona chiwawa cha mtundu wina akukula. Munthu amene akufuna kufotokoza khalidwe la achinyamata a ku Soweto ndi majini okha ayenera kuyamba wayang'anizana ndi nambala imeneyo.

Nanga DNA ikufunikiranji ngati mafunso a pakhomo akutiuza kale zambiri chonchi? Vuto ndi lakuti kholo limapatsa mwana zinthu ziwiri pa nthawi imodzi, magazi ndi khomo. Mukapeza kuti ana a makolo okonda kuwerenga amakhoza bwino m'kalasi, simungadziwe ngati chawathandiza ndi mabuku a m'nyumbamo kapena zimene anabadwa nazo, popeza zonse zachokera kwa anthu omwewo. DNA imathandiza kumasula mfundo imeneyi. Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha ku Iceland cha mu 2018. Mwana amalandira theka lokha la majini a kholo lililonse, ndipo theka linalo silimufika. Ofufuza anayang'ana theka losamufikalo, n'kupeza kuti nalonso limagwirizana ndi kutalika kwa maphunziro a mwanayo, ndi mphamvu yokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya majini amene analandiradi. Majini amene sali m'thupi mwa mwana angamukhudze bwanji? Amadzera mwa kholo, m'mene limalankhulira naye, m'mene limayendetsera pakhomo, ndi zimene limaziona kuti n'zofunika. Ndiko kunena kuti mbali ina ya zimene tinkaziwerengera kuti n'zakumtundu inali kaleredwe, ndipo chimene chinaulula zimenezi ndi DNA yomweyo. Pa chifukwa ichi sindigwirizana ndi anzanga amene amati kungotchula majini m'kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu ndiye kuti wagonjera tsankho.

Komabe nkhawa yawo si yopanda maziko. Palibe jini ya sukulu, ya umbava kapena ya ulesi. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, kuli kafukufuku amene watsatira anthu 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973, ndipo mu 2003 analengeza kuti jini imodzi imachititsa anthu ena kudwala matenda a nkhawa ndi kukhumudwa akakumana ndi mavuto. Nkhaniyo inamveka dziko lonse, koma pamene ena anaiyesanso pa anthu masauzande mazanamazana, makamaka m'kafukufuku wa mu 2019, umboni wake sunaoneke. Masiku ano asayansi amaphatikiza tizigawo tambirimbiri ta DNA, kalikonse kokhala ndi mphamvu yochepetsetsa, n'kupanga nambala imodzi imene amaitcha polygenic score. Ya maphunziro, imene inapangidwa mu 2018 kuchokera kwa anthu 1.1 miliyoni, inafotokoza pakati pa 11 ndi 13 peresenti ya kusiyana kwa zaka zimene anthu anakhala pasukulu. Kwa wofufuza amene akuyang'ana chigulu cha anthu, nambala imeneyi ndi yothandiza. Kwa mphunzitsi amene waima pamaso pa mwana mmodzi ndi yachabe, chifukwa ana ambiri a nambala yotsika amafika kuyunivesite, ndipo ambiri a nambala yokwera amalekera panjira.

Choopsa kwambiri kwa ife n'chakuti nambalazi zinapangidwa pa magazi a anthu ena. Pofika mu 2019, anthu pafupifupi 79 mwa 100 alionse a m'kafukufuku wamkulu wa majini anali a makolo ochokera ku Ulaya, chonsecho anthu oterewa ndi 16 peresenti yokha ya anthu a padziko lonse. Mukatenga muyeso umenewo n'kuyezera mwana wa ku Ntcheu kapena wa ku Tembisa, mphamvu yake yolosera imatsika kwambiri, ndipo munthu wosadziwa kapena wa zolinga zoipa akhoza kuwerenga kulephera kwa muyesowo ngati kulephera kwa mwanayo. Kuwonjezera apo, mawu akuti chinthu n'chotengera satanthauza kuti sichingasinthe. Msinkhu wa munthu umatengera kwambiri makolo, koma kafukufuku wa zaumoyo wa ku Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Palibe dokotala amene anganene kuti kupinimbira kumeneko n'kwakumtundu. Mlimi aliyense amadziwa kuti mbewu ya m'thumba limodzi imabereka mosiyana kudimba ndi pamchenga popanda feteleza, ndipo sataya mbewuyo chifukwa cha zokolola za pamchengapo.

Tsono pali nkhani ya magazi enieniwo, ndipo apa ndikulankhula ngati Mmalawi wa ku Joni. Dziko lino la South Africa linagawa anthu m'mitundu ndi lamulo la mu 1950, ndipo kuyeza thupi la munthu kuti adziwe malo ake si nthano kuno. Ifenso tili ndi bala lathu. Kuyambira mu 1988, Amalawi pafupifupi 13,000 ogwira ntchito m'migodi anabwezedwa kwawo pambuyo pa mkangano wa kuyeza HIV, ndipo Theba, yomwe inkalemba anthu ntchito za m'migodi, inathera pomwepo kwa mabanja ambiri. Agogo ndi amalume athu anaphunzirapo kuti zotsatira za magazi zikhoza kumulanda munthu ntchito. Ku America, anthu a mtundu wa Havasupai anapereka magazi cha m'ma 1990 akudziwa kuti ndi ofufuzira matenda a shuga, koma anadzazindikira kuti anagwiritsidwanso ntchito pofufuza matenda a misala ndi kumene mtundu wawo unachokera, ndipo mlanduwo unatha mu 2010 pamene yunivesite ya Arizona State inawalipira madola 700,000 n'kubweza magaziwo. Tikamakumbukira mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, tisamangoti unali umbuli. Kupha kunali kulakwa koopsa, koma mantha oterewa amamera pamene anthu amaona magazi akutengedwa popanda wobwerera kudzawauza kumene anapita.

Lamulo la dziko lino loteteza zinsinsi za anthu, lotchedwa POPIA, limaika DNA m'gulu la zinsinsi zofunika chitetezo chapadera, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma fomu ya chilolezo imasainidwa ndi munthu mmodzi, pamene DNA yake imanena za mbumba yonse. Ine ndikapereka malovu anga, ndaululako za mlongo wanga wa ku Dedza, za ana ake, ndi za adzukulu amene sanabadwe. Kwathu nkhani yokhudza mbumba sigamulidwa popanda mwinimbumba kumvako, ndipo ndikuona kuti nzeru imeneyi ikugwirizana ndi sayansi ya majini kuposa fomu ya munthu mmodzi. DNA imathanso kuulula kuti bambo amene walera mwana si amene anamubereka, ndipo m'kafukufuku woyeza makolo ndi ana pamodzi zimenezi zimapezeka ndithu. Palinso abale athu amene mapepala awo okhalira kuno sanalongosoke, amene funso lawo loyamba, lomveka bwino, ndi lakuti kodi dzina ndi adiresi yawo sizikafika kwa apolisi.

Ngakhale zili choncho, kuthawa kafukufuku kumatipweteka ife tomwe. Anthu a mu Africa ndi amene ali ndi majini osiyanasiyana kwambiri padziko lonse, chifukwa mtundu wa anthu unayambira kuno. Mu 2020 ofufuza a H3Africa, mgwirizano wofufuza majini ndi zaumoyo mu Africa, atawerenga DNA ya anthu 426 okha a m'mitundu 50, anapeza tizigawo toposa 3 miliyoni timene sayansi inali isanationepo. Pa Wits pomwepa, Pulofesa Michèle Ramsay anatsogolera kafukufuku wa AWI-Gen, wotsatira anthu pafupifupi 12,000 a ku South Africa, Kenya, Ghana ndi Burkina Faso pa nkhani ya majini, kakhalidwe ndi matenda monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kwathunso maziko alipo, pakuti ku Karonga anthu akhala akutsatiridwa kuyambira mu 1979 pamene ntchito yofufuza khate inayamba ku Chilumba, ndipo mabanja a ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka akhala akufunsidwa za moyo wawo kuyambira mu 1998. Chimene ndimalakalaka ndi kafukufuku wolumikiza mbali ziwirizi. Pafupifupi banja lililonse la Amalawi kuno lili ndi mwana amene akukulira ku Johannesburg pamene m'bale wake wa bere limodzi akukulira kumudzi ndi agogo. Magazi ndi apafupi, koma wina akudya buledi ndi tchipisi m'fulati ya ku Hillbrow, pomwe wina akudya nsima ya mgaiwa n'kumayenda mtunda wautali kupita kusukulu. Ofufuza atawatsatira ana oterewa kwa zaka 20, mwaulemu ndiponso mogwirizana ndi mayunivesite a ku Malawi, tingadziwe zambiri za mphamvu ya malo kuposa zimene mapasa a ku Ulaya angatiuze.

Atandipempha kuti mwana wanga alowe m'kafukufuku wotere, ndingavomere, koma nditafunsa kaye m'Chichewa, ndi kuyankhidwa m'Chichewa, kuti magaziwo akasungidwa kuti, ndani adzaloledwe kuwagwiritsa ntchito, ngati angatumizidwe kunja kapena kugulitsidwa ku kampani, ngati mwanayo akadzakula angathe kuwachotsa, ndiponso ngati nambala ya majini ake ingafike kusukulu, kwa abwana kapena ku inshuwalansi. Funso lomalizali likapanda kuyankhidwa momveka, sindingasaine.

Za mnyamata uja, ndapangana ndi mayi ake kuti Loweruka lililonse azibwera kwathu kudzawerenga pamodzi ndi ana anga, ndipo ndawapempha kuti akamuyezetse maso kukiliniki, chifukwa ndinaona kuti amayandikiza kwambiri buku kumaso. Bambo achikulire aja ndikawaona kunyumba kwawo mkati mwa sabata, kuti tikakambirane awiriwiri.