Nkhani ikanditsekemera m'khutu ndimayamba kuikayikira

Loweruka pometera tsitsi pa Kasungu boma panatsala pang'ono kubuka ndewu, nkhani yake mtengo wa feteleza. Bambo wina ochokera kwa Santhe akuti unakwera chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, basi. Mnyamata wa kabaza akuti ayi madala, ndi boma lomwe linalipo nthawi imeneyo. Aliyense kulumbira kuti anamva pa wailesi. Ndipo sankanama, anamvadi, kungoti mawailesi ake osiyana.

Nkhondo ija inayamba mu February 2022, feteleza n'kukweradi mtengo dziko lonse lapansi. Koma kwacha nayonso inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May chaka chomwecho, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe fetelezayo timamugula kunja ndi madola. Zonsezi n'zoona. Mtolankhani wokondera safunika kupeka bodza, amangobenthula choonadi n'kukupatsani mbali yomwe ikomere abwana ake, inayo waika m'thumba.

Ine masiku ano ndimatchera khutu ku timawu ting'onoting'ono. Msonkhano womwewo, wina alemba kuti kunali "namtindi wa anthu", mnzake "kagulu ka otsatira chipani". Nduna ya mbali yawo "yafotokoza", ya mbali inayo "yadziikira kumbuyo". Koma chondinyansa koposa ndi chija amati "anthu ambiri akudandaula". Anthu ake ati? Angati? Mwawafunsa kwa Chamama kapena ndi anzanu atatu a pa WhatsApp? Chinanso, munthu wafunsa za ndalama zomwe zasowa, yankho likubwera loti "nanga inu muli m'boma simunkaba?" Kuba kwa dzana sikubweza ndalama zasowa lero, komatu pulogalamu imathera pomwepo, wofunsa mafunso osabwereranso ku funso lake.

Ndisadziyeretse. Kuno ndi kwawo kwa Kamuzu, ndipo ambirife tinakulira m'nyumba zomwe tambala wakuda sankanenedwa choipa. Nkhani ikamanyoza mbali inayo ndimaimeza osatafuna, ikakhudza yathu ndiye ndimafuna umboni wa mapepala. Nditazindikira zimenezi ndinayamba kamasewera kena: ndimachotsa dzina la chipani m'nkhanimo n'kuikamo la chipani china, n'kudzifunsa ngati ndikanaikhulupirirabe. Kawirikawiri manyazi amandigwira. Yesani ndi kugwa kwa kwacha komweku. Mu May 2012, Joyce Banda atangolowa m'boma, inagwetsedwanso kwambiri. Alipo amene nthawi imeneyo ankati ndi mankhwala owawa koma ochiza, mu 2023 n'kumati ndi kupha amphawi. Ena anatembenuka chimodzimodzi, koma mobwerera uku.

Wometa uja atatopa nalo phokoso anangosintha wailesi n'kuika mpira. Sipanathe mphindi khumi, awiri omwe aja anali atagwirananso pakhosi: wina akuti penate yeniyeni, wina akuti oimbira wadya, chonsecho onse mpirawo akungoumva m'khutu ngati ine.