Ka resistor ka pa sensa ya mpweya, ine ayi

Kwabwera kafashoni pakati pa anyamata a matakisi ndi amakanika ena muno mu Chipata: kuika ka resistor (kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi) pa waya wa sensa yoyeza kutentha kwa mpweya wolowa mu injini, ati galimoto izikoka bwino. Ena akuchita kuitanitsa kabokosi pa intaneti kolembedwa kuti chip. Katseguleni, kawirikawiri mupezamo ka resistor komweko.

Sensa imeneyi ndi IAT. Mu ma Corolla, Vitz ndi Allion ambiri imakhala mkati mwa MAF (sensa yoyeza kuchuluka kwa mpweya), kaja kali pa paipi mukangochoka pa eya kilina. Mpweya ukazizira resistance yake imakwera, ukatentha imatsika. Pa 20°C imakhala ma ohm 2,000 ndi kanthu, pa 80°C yatsikira cha m'ma 300. Mukawonjezerapo resistor, resistance imakwera, ndiye kompyuta ya galimoto imaona ngati ndi m'mawa wa Juni pomwe kunja kukung'alula dzuwa la Okutobala. Ndiye imalola pulagi kuyatsa moto mofulumirirako. Mphamvu yonse imene akukugulitsaniyo ndi imeneyi.

Nanga mukuganiza kuti kompyuta imachedwetsa moto mpweya ukatentha chifukwa cha ulesi? Mpweya wotentha wosakanikirana ndi petulo suchedwa kuphulika wokha nthawi isanakwane, n'kumenya pisitoni mwamphamvu. Ndiko kulira kuja kwa ngati timiyala m'chitini mukaponda mafuta pamtunda. Tsopano taonani Spacio yodzaza anthu, kumbuyo matumba a mtedza, ikukwera mitunda yochokera pa Luangwa Bridge kulowera ku Kacholola masana. Kapena ikuchokera ku Mfuwe, kumene mu Okutobala kumapitirira 40°C, ndipo m'kati mwa boneti mumatentha kuposa pamenepo. Apa m'pamene injini ikufunikira kuti kompyuta idziwe zoona, inu mwainamiza kale.

Ena akuti palibe vuto poti pali knock sensor. Ilipodi. Ikamva kugogoda imauza kompyuta, kompyuta n'kubweza taimingi m'mbuyo. Ndiye mwapindula chiyani? Mwabwerera pomwe munali, injini itayamba yamenyedwa. Za mafuta nazo n'chimodzimodzi: sensa ya oxygen ya pa ekizozi imabwezera msakanizo wa mpweya ndi petulo ku 14.7 pa 1 mukamayenda bwinobwino. Ndipo tisanamizane, angati mwa ife tikuyenda ndi nyali ya check engine yoyaka chaka chonse osadziwa kuti ikunena chiyani? Ngati yafa ndi knock sensor yomweyo, pisitoni ilibenso woiteteza. Resistor ikakula kwambiri mumangodzipezera khodi ya vuto ya P0113, kompyuta n'kusiya kuimvera sensayo.

Amene akulumbira kuti yawo yasintha sindikuwatsutsa kuti akunama. Kungoti tsiku loika chipangizocho makanika amakuntha eya kilina, n'kupukutanso MAF, ulemu wonse n'kupita kwa ka resistor. Komanso munthu akalipira ndalama phazi limalemera.

Fumbi la m'misewu yathu ya dothi ndilo likudya mphamvu za magalimoto ambiri, pamodzi ndi mapulagi otopa. Yambani ndi zimenezo. Ndipo ngati mwagula galimoto kwa wina, uzani makanika alumikize makina a diagnosis m'mawa injini isanalizidwe. IAT izionetsa pafupifupi mofanana ndi sensa ya kutentha kwa madzi a injini komanso kutentha kwa kunja. Ikamati 5°C inu mutavala malaya a manja aafupi, musende tepi pa mawaya a MAF muone chomwe anabisapo.