Lekani kutituma kukafunafuna Flash Player, inafa kale

Lero mtima wanga wawira ndipo sindibisa. Mng'ono wanga ali ndi maphunziro a pa intaneti oti amalize sabata ino, ndipo phunziro lililonse lili m'kanema. Akatsegula tsambalo, pamalo pomwe payenera kukhala kanema pamangooneka bokosi lotuwa, pansi pake mawu akuti aike Adobe Flash Player, pulogalamu yakale yoonetsera makanema pa intaneti, kuti aonere. Flash Player! Mpaka lero?

Analembera eni ake a webusaitiyo. Anamuyankha kuti achotse cache (zomwe browser imasunga kuchokera pa masamba omwe munthu watsegulapo), azimitse kompyuta n'kuyatsanso, ayese browser ina. Mwana anachita zonsezo. Anayesa Chrome, anayesa Firefox, anayesa Edge, bokosi lomwe lija lili phee. Atalembanso, anamuuza kuti vuto lili pa kompyuta yake.

Abale, vuto silili pa kompyuta yake. Flash Player inafa. Adobe yomwe inali mwini wake inalengeza mu Julayi 2017 kuti idzaisiya, n'kupatsa anthu zaka zitatu ndi miyezi ingapo kuti asamuke. Pa 31 Disembala 2020 inasiyadi kuisamalira, ndipo kuyambira pa 12 Januwale 2021 Flash Player yeniyeniyo inayamba kukana kutsegula chilichonse. Mwezi womwewo Chrome 88 ndi Firefox 85 anaichotseratu. Ndiye inu eni webusaiti, mukamuuza munthu kuti achotse cache, mukufuna cache imeneyo idzutse chinthu chomwe kulibe? Angazimitse n'kuyatsa kakhumi, angasinthe browser mpaka mawa, plug-in imeneyi (pulogalamu yoonjezera pa browser) sibwerera. Palibe choti akonze kwa iye. Chofunika kukonza chili kwanuko, pa tsamba lanu.

Chandipsetsa mtima kwambiri n'chimene chinachitika pambuyo pake. Poti anamuuza kuti vuto n'lake, mng'ono wangayo anakhulupirira, nayamba kufufuza pa intaneti komwe angapeze Flash Player. Anapeza tsamba looneka bwino, chizindikiro chofiira cha Flash chilipo, batani lalikulu la Download lili pakati. Anadina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pofika usiku tsamba loyamba la browser yake linali litasintha lokha, zotsatsa malonda zikutulukira pakona iliyonse, ndipo m'ndandanda wa ma extension (timapulogalamu toonjezera pa browser) munali awiri omwe iye sanawaikepo. Ndakhala mpaka pakati pa usiku ndikuchotsa zinyalala zimenezi chimodzichimodzi, kenako kumusinthitsa mapasiwedi onse, kuyambira wa imelo. Iye ali pambali panga akungopepesa, ngati kuti walakwa ndi iye. Sanalakwe. Anangomvera zomwe tsamba lanu linalemba ndi zomwe inu munamuyankha.

Aliyense amene akuwerenga pano amve bwino: tsamba lililonse lokuuzani lero kuti muike kapena mukonzenso Flash Player, musadine. Adobe inachotsa kale malo otengerapo pulogalamuyi. Chomwe mungapeze m'dzina limenelo masiku ano, kawirikawiri ndi msampha. Ndipo webusaiti yomwe ikusungabe mawu oti "ikani Flash" ikukankhira anthu ake mumsampha umenewo ndi manja ake.

Kaya ndi ulesi, kaya amene anakonza tsambalo anachoka kalekale, zimenezo sizikundikhudza. YouTube inasamukira ku HTML5, njira yoonetsera kanema popanda Flash, mu Januwale 2015. Ma browser onse a masiku ano amaonetsa kanema wa MP4 okha, popanda plug-in iliyonse. Ngati makanema anu ali mu FLV, mtundu wa mafailo a kanema a Flash, mapulogalamu aulere ngati FFmpeg ndi HandBrake amawasandutsa MP4. Ngati ndi zakale za SWF (mtundu wina wa mafailo a Flash) zomwe simungathe kuzikonzanso, kuli Ruffle, yomwe imatsegula zambiri mwa izo popanda Flash. Njira zilipo, zakhalapo kwa zaka. Inu mwasankha kusiya tsamba lowola n'kumaloza chala munthu amene wabwera kudzaphunzira.

Inde, ndikudziwa kuti nthawi zina kanema amakana chifukwa cha mbali yathu. Extension yotchinga zotsatsa imatha kutchinga ndi kanema yemwe. Hardware acceleration (browser kugwiritsa ntchito chipangizo cha zithunzi cha kompyuta) ikasemphana ndi dalaivala wa graphics, pulogalamu yoyendetsa chipangizocho, mawu amamveka koma chithunzi n'kukhala chakuda kapena chobiriwira, ukaizimitsa zimatheka. Makanema ambiri otetezedwa kuti asakopedwe (DRM) amafuna Widevine, pulogalamu yowatsegulira, ndipo pa Firefox ukazimitsa zoonera za DRM sakutsegukira. Zimenezo timakonza tokha, sitidandaula. Koma uthenga ukangotchula Flash, nkhani yatha pomwepo, mpira uli kwa mwini webusaiti. Wothandiza anthu amene sadziwa kusiyanitsa ziwirizi, amene yankho lake pa funso lililonse ndi "chotsani cache", akutayitsa anthu nthawi ndipo akuwaika pangozi. Bwanji osatsegula tsambalo nokha pa kompyuta yatsopano musanayankhe? Mphindi imodzi yokha ikanakwana kuti mulione bokosi lotuwalo ndi maso anu.

Ndikubwerezanso, chifukwa zikuoneka kuti ena sanamvebe: munthu sangaike chinthu chomwe kulibe. Musamuuze kuti kompyuta yake ndi yakale. Musamuuze kuti intaneti yake ndi yofooka. Musamuuze kuti ayesenso mawa. Mawa bokosilo lidzakhalapo, mkuja lidzakhalaponso, mpaka tsiku lomwe inu mudzakhale pansi n'kusintha makanema anu. Pakadali pano tsiku lomaliza maphunziro likuyandikira, ndipo mng'ono wanga sanaonere ngakhale phunziro limodzi.

Chinanso chonyansa, pa masamba ngati omwewa kanema wa malonda sakana ayi. Ukangotsegula tsamba, wayamba yekha, mawu ali pamwamba, data ikupita, batani lotsekera lili kang'onong'ono koti chala sichingaligwire. Ameneyo anamuikira HTML5 bwinobwino, amatseguka pa foni ndi pa kompyuta pomwe. Kanema amene munthu wabwera kudzaonera ndiye ali m'bokosi lotuwa.